Mzere umodzi umene pulogalamu imadutsamo isanalowe mu chip

Lero tikambirana za mzere umodzi wa malamulo a pakompyuta umene ophunzira ambiri a zamagetsi amaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku koma osauona n'komwe. Amene munagwirapo kabolodi ka Arduino Uno mukudziwa mmene zimakhalira: mumalemba pulogalamu, mumadina batani lotumiza, kababu n'kuyamba kuphethira. Koma pakati pa kudinako ndi kuphethirako pamachitika zambiri. Mukauza pulogalamu ya Arduino kuti izionetsa chilichonse chimene ikuchita pomanga, pamatsika mizere yochuluka, ndipo chakumapeto kwake mumapeza mzere uwu:

avr-objcopy -O ihex -R .eeprom Blink.ino.elf Blink.ino.hex

Ndiuwerenge pang'onopang'ono, poti pa wailesi simukuuona. Poyamba pali dzina la chida, avr-objcopy. Kenako kamzere ndi O wamkulu, motsatana ndi mawu akuti ihex. Kenako kamzere ndi R wamkulu, motsatana ndi dontho ndi mawu akuti eeprom. Pomaliza pali mayina awiri a mafayilo: fayilo yolowa ndi fayilo yotuluka. Ine ndimakhulupirira kuti wophunzira amene wamvetsa chifukwa chake chilembo chilichonse chili pamenepo ndiye wayamba kudziwa mmene pulogalamu imakhalira m'kati mwa makina. Amene amangokopera mzerewu kuchokera kwa mnzake, tsiku lina udzamusowetsa mtendere, ndipo sadzadziwa poyambira.

Tiyambire pa fayilo yolowayo. Munthu akalemba pulogalamu mu C kapena C++, compiler imasandutsa zolembazo kukhala malangizo amene makina amamva, ndipo linker imalumikiza zidutswa zonse n'kutulutsa fayilo imodzi. Pa Linux ndi pa ma chip ambiri, fayilo imeneyi imakhala ya mtundu wa ELF, umene unabwera ndi Unix System V Release 4 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mukaitsegula mudzapeza kuti ma byte anayi oyambirira ndi nambala 7F kenako zilembo E, L ndi F. M'katimo zinthu zinaikidwa m'zigawo, chilichonse ndi dzina lake. Chigawo cha .text chimasunga malangizo enieniwo. Cha .data chimasunga zinthu zosinthasintha zimene zimayamba zili kale ndi mtengo wake. Cha .bss ndi cha zinthu zimene zimayamba zili ziro, choncho m'fayilomo amangolemba kukula kwake, osasunga chilichonse. Palinso mndandanda wa mayina a ma function onse pamodzi ndi ma adiresi awo, komanso zigawo zina zothandiza pofufuza zolakwika, zimene zimanena kuti lamulo lakuti linachokera pa mzere wakuti wa zimene munthu uja analemba.

Kompyuta yokhala ndi Linux imadziwa kuwerenga zonsezi, chifukwa ili ndi pulogalamu yotsegula ELF n'kuika chigawo chilichonse pamalo pake. Koma chip ya ATmega328P imene ili pa Arduino Uno ilibe wothandiza wotere. Ili ndi flash ya 32 KB, RAM ya 2 KB ndi EEPROM ya 1 KB basi. Magetsi akafika, imapita pa adiresi imene inauzidwa n'kuyamba kuchita zimene yapezapo. Sidziwa mayina, sidziwa zigawo. Ndiye pamafunika chida choti chitenge ELF ija, chisankhemo zofunika zokha, chiziyale mmene chip ingazilandirire. Ntchito ya objcopy ndi imeneyo.

Chidachi ndi chimodzi mwa zida za GNU Binutils, pamodzi ndi ld, as, objdump, readelf, nm ndi strip. Ntchito ya GNU anailengeza Richard Stallman mu 1983, koma msana wa objcopy ndi laibulale yotchedwa BFD, imene inamangidwa ku Cygnus Support, kampani imene John Gilmore, Michael Tiemann ndi David Henkel-Wallace anakhazikitsa mu 1989. Nzeru ya BFD inali yakuti chida chisamavutike kuphunzira mtundu uliwonse wa fayilo pachokha. Laibulale ndiyo iziwerenga mitundu yonse n'kuionetsa mofanana: zigawo, mayina, ma adiresi. N'chifukwa chake objcopy imatha kulandira fayilo ya mtundu wina n'kutulutsa ya mtundu wina. Masiku ano a LLVM alinso ndi chawo, llvm-objcopy, chimene chimamva ma option ambiri omwewa.

Tsopano kamzere ndi O wamkulu. Option imeneyi imanena mtundu wa fayilo yotuluka. Mukalemba ihex mumapeza Intel HEX, njira imene kampani ya Intel inayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Ndi fayilo ya zilembo wamba, mungaitsegule n'kuiwerenga ndi maso. Mzere uliwonse umayamba ndi madontho awiri, kenako umanena kuchuluka kwa ma byte, adiresi kumene akupita, mtundu wa mzerewo, ma byte enieniwo, n'kutsiriza ndi nambala yotsimikizira kuti panjira sipanasokonekere kanthu. Mzere womaliza nthawi zonse umakhala :00000001FF. Kampani ya Motorola inali ndi yake yofanana nayo, S-record, imene mizere yake imayamba ndi S, ndipo pa objcopy mumaipeza polemba srec. Chofunika kugwira apa n'chakuti mitundu iwiriyi imanyamula adiresi pa mzere uliwonse.

Mtundu wachitatu ndi binary, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo kanthawi. Mukalemba -O binary, objcopy imataya mayina onse, mitu yonse, ngakhale ma adiresi omwe. Chotsala ndi ma byte okhaokha, ondandalikana monga mmene adzakhalire mu memory, kuyambira pa adiresi yotsikitsitsa mpaka yokwereratu. Amisiri okonza mafoni m'misika yathu amakumana ndi mafayilo a mtundu umenewu akamaflasha foni, ndipo amadziwa bwino kuti fayilo yotere ikalembedwa pamalo polakwika, foni siyakanso. Fayiloyo payokha sinena kumene iyenera kukhala. Munthu ndiye ayenera kudziwa.

Nanga ngati zigawo ziwiri zili motalikirana? Fayilo ya binary ilibe njira yonenera kuti apa tidumphe. Imangodzaza mpata wonsewo ndi ma ziro. Apa ndi pamene -R .eeprom ija ikuonekera ntchito yake. Pa ma chip a AVR, monga ATmega328P ija, flash, RAM ndi EEPROM ndi memory zitatu zosiyana, iliyonse imayamba kuwerenga ma adiresi ake payokha. Kuti zonse zikwane mu ELF imodzi popanda kuwombana, zida za GNU zimaika flash pa ziro, RAM pa 0x800000, EEPROM pa 0x810000. Ma adiresi awiri omalizawo ndi ongogwirizana chabe, pa chip penipeni palibe. Tsono ngati pulogalamu yanu ili ndi kanthu mu EEPROM ndipo mwatulutsa binary osachotsa chigawo chimenecho, fayilo yolowa mu flash ya 32 KB imatuluka yoposa 8 MB. R wamkuluyo akutanthauza kuti chigawo ichi chichotsedwe. Za EEPROM zimatulutsidwa pazokha pa mzere wina, pogwiritsa ntchito kamzere ndi j wamng'ono, amene amanena kuti tenga chigawo ichi chokha, ndi --change-section-lma .eeprom=0, imene imabwezera adiresi ija pa ziro, pamene EEPROM yeniyeni imayambira.

Pa ma chip a STM32 a kampani ya STMicroelectronics vutoli limakula koopsa. Kumeneko flash imayambira pa 0x08000000, RAM pa 0x20000000. M'manambala athu a masiku onse, imeneyo ndi 134,217,728 ndi 536,870,912. Mpata wake ndi ma byte 402,653,184, kapena kuti 384 MB. Wophunzira amene waika chigawo chatsopano mu RAM n'kuiwala kuuza linker kuti zoyambira zake zisungidwe mu flash, amadzidzimuka kuona pulogalamu ya 20 KB yatulutsa fayilo ya pafupifupi 384 MB. Ambiri akaona zimenezi amathamangira -R kapena -j, n'kudula chigawocho. Fayilo imachepadi, koma matenda sanachire, chifukwa tsopano zinthu zija zidzayamba ndi mtengo wolakwika chip ikayaka.

Gwero lake ndi ili. Chigawo chilichonse chili ndi ma adiresi awiri. Pali VMA, kumene chigawocho chimakhala pulogalamu ikamayenda, ndi LMA, kumene chimasungidwa magetsi akazima. Kwa .text awiriwa amafanana. Kwa .data amasiyana: chimagwira ntchito mu RAM, koma RAM imaiwala zonse magetsi akathima, choncho mitengo yoyambira imasungidwa mu flash, ndipo kapulogalamu koyambirira kamaikopera ku RAM function ya main isanayambe. Popanga binary kapena hex, objcopy imatsata LMA. Ndiye musanadule kanthu, lembani objdump -h ndi dzina la fayilo. Mudzaona zigawo zonse, kukula kwake, VMA ndi LMA zili pambali ndi pambali. Chigawo chimene chili ndi zonyamula koma LMA yake ili mu RAM ndicho chikukuvutitsani, ndipo pokonzera pake ndi mu linker script, fayilo youza linker poika chigawo chilichonse. Ndikadakhala mphunzitsi wa phunziro limeneli, sindikadalola wophunzira kugwira objcopy asanazolowere kuwerenga tebulo limenelo.

Pa mipata yaing'ono, imene imakhalapo mwachibadwa, pali --gap-fill 0xFF. Flash yofufutidwa imawerengeka FF, osati ziro. Mukadzaza mipata ndi FF, fayilo yanu imafanana ndendende ndi zimene zidzakhale mu chip, ndipo nambala yotsimikizira imene mungawerengere pa kompyuta idzagwirizana ndi imene bootloader, kapulogalamu koyambitsa pulogalamu yanu mu chip, idzapeze. Mnzake ndi --pad-to, imene imatalikitsa fayilo mpaka pa adiresi imene mwanena.

Pali option ina imene imandikumbutsa kutalika kwa ulendo wa chidachi. Makina akale oyendera Motorola 68000 ankawerenga ma bit 16 nthawi imodzi, pamene ma chip ambiri osungira pulogalamu ankapereka 8 okha. Amisiri ankaika ma chip awiri moyandikana, ina yosunga byte yoyamba, yachitatu, yachisanu, inayo yosunga yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi. Mpaka lero objcopy ili ndi --interleave ndi --byte zogawira fayilo motero. Ochepa ndiwo amazifuna masiku ano, koma amene akukonza makina akale a m'mafakitale amazipeza zikadalipo.

Chidachi chimayendanso chobwerera. Tinene kuti muli ndi chithunzi, logo.png, ndipo mukufuna chikhale m'kati mwa pulogalamu yanu. Mukalemba kamzere ndi I wamkulu, kenako binary, mukuuza objcopy kuti fayilo yolowayo ingoitenga ngati ma byte wamba, n'kuikulunga mu ELF imene linker ingailandire. Imakupatsaninso mayina atatu: _binary_logo_png_start, wina wothera ndi end, wina wothera ndi size, kuti pulogalamu idziwe poyambira ndi pothera chithunzicho. Chenjezo n'lakuti ma byte amenewa amagwera mu .data, kutanthauza kuti pa chip adzakopedwa ku RAM, yomwe ndi yochepa kale. N'chifukwa chake anthu odziwa amaonjezera --rename-section, n'kusintha .data kukhala .rodata ndi kunena kuti n'chowerenga chabe, kuti pa chip ya ARM, monga STM32 ija, chithunzicho chitsale mu flash. Omanga Linux nawo amadalira chidachi: kernel imayamba ili ELF yotchedwa vmlinux, ndipo objcopy ndi imene imaivula n'kutulutsa ma byte amene bootloader imanyamula.

Za mayina ndidutsepo msanga, koma musazipeputse. Zimachitika kuti malaibulale awiri, olembedwa ndi anthu osadziwana, onse ali ndi function yotchedwa init, ndipo linker ikukana kuwalumikiza. Ngati zolemba zoyambirira mulibe, --redefine-sym imasintha dzina limodzi m'fayilo yomangidwa kale, --prefix-symbols imaika mawu kutsogolo kwa mayina onse, ndipo --localize-symbol imabisa dzina kuti lisaoneke kunja kwa fayiloyo. Zimapulumutsa, inde. Koma langizo langa n'lakuti ngati zolemba zoyambirira zilipo, konzani kumeneko. Wobwera pambuyo panu adzawerenga zolembazo n'kuona init, pamene m'fayilo yomangidwa muli dzina lina, ndipo adzataya masiku akufunafuna amene anasintha. Ndipo tisanamizane: objcopy simasulira malangizo a makina. Pulogalamu yomangidwira ARM ikhalabe ya ARM ngakhale mutaisintha chikuto chotani. Chidachi chimasuntha, chimadula, chimasintha mayina ndi ma adiresi, koma malangizo enieniwo sichiwalembanso.

Tifike tsopano pa nkhani imene imandikhudza kwambiri, ya kuchepetsa fayilo. Zigawo zofufuzira zolakwika nthawi zambiri zimakula kuposa pulogalamu yeniyeniyo. Kwa ife amene timagula bandulo ya intaneti mowerengera, pulogalamu yaing'ono ndi chifundo kwa wogwiritsa ntchito. Choncho pali kamzere ndi g wamng'ono, kapena --strip-debug, imene imachotsa zofufuzira zija. Pali --strip-unneeded, imene imachotsa mayina osafunika polumikiza. Pali kamzere ndi S wamkulu, --strip-all, imene imasesa zonse. Chida chotchedwa strip chimachita zomwezi, ndipo m'zolemba za Binutils ziwirizi zimamangidwa kuchokera pa fayilo imodzi, objcopy.c.

Kuchotsa si vuto. Vuto ndi kutaya. Mayi akakonola chimanga, mphale imapita kuchigayo, koma gaga sataya kudzala: amaika padera chifukwa ali ndi ntchito yake. Anthu a GNU anakonza njira yochitira chimodzimodzi, ndipo ndi masitepe atatu. Choyamba, objcopy --only-keep-debug, imene imatulutsa fayilo yachiwiri yokhala ndi zofufuzira zokhazokha. Chachiwiri, objcopy --strip-debug pa pulogalamu ija, kuti ipepuke. Chachitatu, objcopy --add-gnu-debuglink, imene imaika m'pulogalamu yopepukayo kachigawo kakang'ono kosunga dzina la fayilo yachiwiri ija ndi nambala yake yotsimikizira ya CRC32. Tsiku limene pulogalamu idzagwe, GDB, pulogalamu yofufuzira zolakwika, idzawerenga kachigawoko, idzafunafuna fayiloyo, idzatsimikiza kuti ndi yomweyo, n'kukuonetsani dzina la function ndi mzere umene pagwera vuto. Debian ndi Fedora amagawa mapulogalamu awo motere: anthu onse amalandira zopepuka, ndipo zofufuzira zimakhala m'mapaketi apadera, a dbgsym ku Debian ndi a debuginfo ku Fedora, amene amatsitsa yekhayo amene akuwafuna.

Apa pali msampha umene wapweteka ambiri. Mukapatsa objcopy dzina limodzi lokha la fayilo, osatchula yotuluka, sikufunsani kanthu. Imalemba zotsatira pafayilo yongoyembekezera, kenako n'kuiika pamalo pa yoyamba ija. Yakaleyo yapita basi. Munthu amene walemba objcopy -S ndi dzina limodzi, asanachite sitepe yoyamba ija, wafufuta mayina onse ndi zofufuzira zonse, ndipo palibe option yozibwezera. Mungaganize kuti mungomanganso. Koma ngati compiler yasintha pang'ono, kapena mzere umodzi wa zolemba wasuntha, ma adiresi amasunthanso, ndipo fayilo yatsopanoyo sigwirizananso ndi imene ili kale m'manja mwa anthu.

Taganizirani mmene zimakhalira pa ntchito yeniyeni. Achinyamata apanga kachipangizo koyeza madzi m'thanki, kapena koyang'anira batire ya sola, akakaika kutali ndi kumene amakhala. Papita miyezi, kachipangizoko kayamba kuima kokha. Chimene kangathe kunena ndi nambala imodzi: adiresi ya lamulo limene kanali kuchita pamene kanagwa. Mu chip muli ma byte okhaokha, opanda dzina ngakhale limodzi, chifukwa hex ndi binary sizinyamula mayina. Nambala imeneyo ili ndi tanthauzo kwa munthu yekhayo amene anasunga ELF yeniyeni imene hex ija inachokerako. Iye amalemba addr2line -e, dzina la ELF ndi adiresi ija, ndipo kompyuta imamuyankha ndi dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Amene sanasunge amayenera kukwera basi, kukatenga kachipangizoko, kukalembamo pulogalamu yatsopano, n'kudikiranso miyezi kuti vutolo libwerenso.

Kwa inu ogwiritsa ntchito Arduino, dziwani kuti ELF ija imamangidwira mufoda yongoyembekezera imene imatha kufufutidwa kapena kulembedwanso nthawi ina iliyonse. Mzere wa avr-objcopy umene tinawerenga uja, mukauona pa kompyuta yanu, umaonetsa njira yonse ya kumene fodayo ili. Tsiku limene mukutumiza chipangizo kwa mwini wake, koperani ELF ndi hex zonse ziwiri, muziike pamodzi ndi zolemba zoyambirira, mulembepo tsiku, nambala ya mtundu wa pulogalamu yanu ndi ya compiler imene mwagwiritsa ntchito. Nambala yomweyo ya mtundu wa pulogalamu muilembenso pa kapepala, mumate pa bokosi la chipangizocho, kuti wokuimbirani foni adzathe kukuwerengerani.